Mazira khumi ndi awiri a Agogo Ndikubwera

Dzina loti Agogo Ndikubwera anawapatsa ndi mdzukulu wawo wamwamuna ali ndi zaka zisanu, ndipo mwanayo sankawanyoza ayi. Iye ankayesa kuti ndilo dzina lawo lenileni. Nanga akanaganiza zotani? Ukawaitana kuti adzaone chiwala chimene wagwira, ankayankha ali kukhola kuti, "Ndikubwera!" Ukawauza kuti tiyi akuzizira, "Ndikubwera!" Kunena zoona ankabweradi, kungoti pofika iwo chiwala chinali chitathawa kalekale, mwini wake atagona.

Mkuluyu anayendetsa lole zaka makumi atatu. Atapuma pantchito anagula kamalo kunja kwa tauni n'kumangapo nyumba, makola, ndi kachipinda kosungiramo zipangizo. Ankaweta ng'ombe imodzi yamkaka, mbuzi zisanu zopanda ulemu ndi nkhuku zoposa makumi awiri, ndipo kumunsi kwa chitsime kunali dimba la tomato, kabichi ndi anyezi. Wodutsa pamsewu akanati ndi kaulimi kongotayitsira nthawi. Koma amene anawetapo ng'ombe ngakhale imodzi akudziwa kuti nyama imeneyi sidziwa Lamlungu. Kukama m'mawa, kumweta udzu, kuchotsa ndowe, kuthirira dimba, kukamanso madzulo, ndiye pakatipo mbuzi yadumpha mpanda ili m'kabichi. Agogowo ankachita zonsezi okha ndipo ankanyada nazo. Khasu lawo silinkagwiridwa ndi munthu wina, ngakhale kungolisuntha pakhomo.

Mayi a kunyumba ali moyo, tchuthi cha adzukulu sichinali nkhani. Sukulu zikatsekera nyengo yotentha, ana ankabwera ndipo ankakhala ndi agogo aakaziwo tsiku lonse. Bamboyo ali kudimba ankangomva kuseka kuchokera kunyumba n'kumati mumtima, "Akusewera, zili bwino." Koma mayiwo anamwalira, ndipo tchuthi chotsatira ana aja anakhala masabata anayi pakhonde ngati anthu odikira basi.

Chaka chimene tikunenachi, mwana wawo wamkazi, namwino wa m'tauni, anabwera nawo Lamlungu. Ana atalowa m'nyumba ndi zikwama, iye anawakokera bambo ake kuseri kwa galimoto.

"Bambo, ndilankhule mosabisa. Wamkuluyu sankafuna kubwera, ndachita kumunyengerera. Ndamulonjeza kuti akangondiimbira foni kuti zamukwana, ndibwera Loweruka kudzawatenga. Zikatero, chaka chamawa sindidzawakakamizanso."

"Aa, usade nkhawa, mwana wanga. Asangalala amenewa."

"Ine ndinakula ndi 'ndikubwera' wanuyo, bambo. Ndinkamudikira pawindo, lole ili kutali. Sindikukuimbani mlandu, munkatifunira chakudya. Koma anawa sindifuna aphunzire kudikira pawindo."

Mawuwo anawabaya mumtima. Galimoto itachoka anaimabe pageti, ndipo anachita mantha enieni, mantha amene sanawamvepo ngakhale tsiku limene mabuleki anawakanira pamtsetse. Adzukulu anali awiri okha padziko lonse. Akasiya kubwera, nyumbayo ikanatsala ya iwo ndi nkhuku.

Wamkulu anali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo agogo ankamutchula Amadamu, chifukwa ankayenda pabwalo monyang'ama, maso ali pansi kuopa kuponda zitosi. Nsapato zake ankazindandalika pansi pa bedi ngati zili m'sitolo. Wamng'ono, yemwe tsopano anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anali Kamvuluvulu, ndipo dzinalo silifuna kufotokozera.

Agogo anaiganiza nkhaniyo ngati dalaivala: katundu ndi yemweyo, nthawi yachepa, ndiye uwonjezere liwiro basi. Anagula mpira ndi makhadi. Anayamba kudzuka tambala asanaganize n'komwe zolira, kuti ntchito ithe msanga akhale ndi ana. Ndipo anaika lamulo limene ankaliona ngati chikondi chachikulu: adzukulu ndi alendo, mlendo sagwira ntchito. Kamvuluvulu akangogwira kheni yothirira, "Siya, unyowetsa zovala!" Amadamu akasuzumira m'khola, "Chokapo apo, ikuponda!"

Koma ntchito ya pamunda siithamangitsika ngati lole. Akangokhala pamkeka n'kugawa makhadi, ng'ombe inkalira. Akangoponya mpira kamodzi, mbuzi inali m'dimba. Lachitatu masana anakwanitsa kukhala pansi ndithu, koma tulo tinawaba makhadi ali m'manja, kukamwa kuli yasa, ndipo Kamvuluvulu anawaona makhadi onsewo n'kusinthanitsa abwinoabwino ndi ake. Atadzidzimuka anamva mawu a Amadamu akulankhula pafoni kuseri kwa nyumba.

"Amayi, Loweruka mubwere ndithu. Ayi, satikalipira. Kungoti alibe nthawi. Tikuwatopetsa."

Agogo anatsekanso maso n'kunamizira kugona. Akanakonda mwanayo akanati ndi nkhalamba yovuta, koma zoti akuwatopetsa zinawapweteka koopsa.

Pa chakudya chamadzulo anayesa kupulumutsa zinthu. "Mawa masana tipita kudamu kukasambira. Ndikangomaliza ntchito, tinyamuka."

"Ntchito yake imathanso?" anafunsa Amadamu, osadzutsa mutu m'mbale.

Lachinayi m'mawa, udzu wa pafupi unali utauma, ndiye agogo anakankha wilibala mpaka kudambo la kutsidya kukamweta wa ng'ombe. Anatha kumeneko pafupifupi maola awiri. Pobwerera, asanalowe n'komwe pageti, anamva thadzi lakuda likulira kulira kwa tsoka. Anasiya wilibala pomwepo n'kuthamangira kukhola la nkhuku.

Thadzi limeneli linali litafungatira mazira khumi ndi awiri kwa masiku asanu ndi anayi. Dzira lililonse agogo anali atalilemba kamtanda ndi khala, chifukwa nkhuku zina zaulesi zimakonda kukaikira m'chisa cha mnzawo, ndipo tsiku ndi tsiku iwo ankachotsamo mazira opanda chizindikiro. Tsopano chisa chinali mbee, thadzi likuzungulira nthenga zili nyankhalala. Anayang'ana pansi kufuna mapazi a galu kapena mkukuluzi wa njoka, koma anangoona tsache litagona pakhomo.

"Agogo! Tsekani maso!" Anali Kamvuluvulu, akuwakoka dzanja kupita kukhitchini. Patebulo panali mathireyi awiri a mazira, oyera ngati a pachithunzi, ndipo Amadamu anaima pambali manja ali onyowa, akumwetulira koyamba chibwerereni.

"Tatolera onse kuti mumalize msanga, tipite kudamu," anatero. "Taphatikiza ndi aja munasungira a kugolosale aja. Ena anali akuda ndi makala, ndawapukuta ndi kansalu konyowa. Ndiye ndawasanja, aakulu uku, aang'ono uku."

"Yakuda ija inandijompha," anawonjezera Kamvuluvulu akuonetsa kabala padzanja ngati mendulo, "koma ndinaigonjetsa ndi tsache."

Mazira oposa makumi asanu, onse ofanana, osanjidwa bwinobwino potengera kukula. Agogo anapsa mtima. Mawu anali okonzeka kale, mawu aja a pamsewu amene ankawatulutsa munthu akaimika ngolo pakona. Koma anayang'ana manja onyowawo, n'kukumbukira kuti mwana ameneyu ndi yemwe amaopa zitosi, ndipo lero walowa yekha m'khola la nkhuku chifukwa cha iwo. Anameza mawu aja, anali owawa, n'kukhala pa ndowa yovundikira.

"Bwerani kuno nonse. Makala aja ndinalemba ndine. M'mazira amenewo muli anapiye."

Kumwetulira kwa Amadamu kunazima. "Ndiye tawapha?"

"Sanafe. Kunja kukutentha, angapirire pang'ono. Koma akazizira nthawi yaitali afa, ndipo thadzi likataya mtima silibwereranso pachisa. Tiwapeze msanga."

"Tiwadziwa bwanji poti ndafufuta?" Misozi inali itayamba kale.

Agogo anaimirira n'kuyandikira patebulo. Anagwira dzira limodzi, lina, linanso, onse anali ozizira mofanana. Kenaka anakumbukira kuti tsiku lina akudutsa ndi ndowa ya mkaka anaona malemu akazi awo ali m'kachipinda ka zipangizo, atatseka windo, akuunika dzira ndi nyali. Sanaime kuti afunse, anali ndi changu monga mwa masiku onse. Koma anaona.

"Amadamu, foni yako ija ili ndi tochi?"

Anapachika thumba pawindo la kachipindako n'kutseka chitseko. Munali mdima ndi fungo la madeya, ndipo kutentha kwake thukuta linkachita kuyenderera m'khosi. Agogo anakunga chibakera mozungulira kuwala kwa foni, n'kusiya kabowo pamwamba, n'kuikapo dzira. Dziralo linayaka ngati lalanje. Anayandikitsa nkhope, anaitalikitsa, koma sanaone kanthu koma chifunga. Maso awo ankatha kuona mbuzi ili kutsidya kwa dambo, koma chinthu cha pamphuno pawo ayi.

"Maso angawa atha ntchito," anavomera, ndipo aka kanali koyamba kunena mawu otere pamaso pa munthu. "Uyang'ane ndiwe. Undiuze zimene ukuona."

"Mulibe kanthu. Mukungowala."

"Limenelo ndi la kugolosale. Lina."

Dzira lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu, mpaka lachisanu ndi chimodzi. Agogo anayamba kukayika ngati anaonadi bwino tsiku lija. Pa dzira lachisanu ndi chiwiri Amadamu anakoka mpweya.

"Agogo! Muli timizu tofiira! Ndiye pali kanthu kakuda... agogo, kakuyenda! Kakuyenda kokha!"

"Ndione! Ndione!" Kamvuluvulu anakwera pathumba la madeya n'kugwetsa zenga ndi chitini cha misomali. Ataona anangoti zii, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwireni.

Ntchito inagawika yokha. Agogo ankagwira tochi, Amadamu ankaweruza, Kamvuluvulu ankalemba kamtanda ndi khala, lilime lili panja, n'kuika dziralo m'chipewa cha agogo. Akakwana atatu, nkhalambayo inkathamanga nawo kukhola. Thadzi linayamba lawayang'ana ndi diso limodzi ngati likufuna kuwerenga, kenaka linakwera pachisa, n'kuwakankhira pansi pa mimba ndi mlomo, n'kukhala phee. Anapeza khumi ndi limodzi. Anabwereza mathireyi onse kachiwiri kufuna lotsalalo koma silinapezeke, ndipo agogo anati mwina linali lopanda kanthu chiyambire.

Potuluka, dzuwa linali litapendeka. Wilibala ija inali pageti pomwe anaisiya, koma yopanda udzu ngakhale umodzi, mbuzi zisanu zitagona mozungulira mimba zili tiii. Ng'ombe inkalira ngati yaferedwa. Agogo anatsegula pakamwa kuti auze ana akakhale pakhonde, koma Amadamu anali atagwira kale zogwirira za wilibala.

"Kudamboko n'kutali?"

Zakudamu palibe anazikumbukira. Madzulo akuthirira tomato, mtsikanayo ananena yekha, osafunsidwa. "Agogo aakazi ankatilola kugwira zinthu. Tinkatsuka ndowa za mkaka, tinkasankha tomato, tinkamanga anyezi m'mitolo. Mazira okha ndi amene ankati tidikire tikule."

Agogo anaimitsa kheni. "Ine ndinkayesa munkasewera. Ndinkakumvani mukuseka."

"Kusewera chiyani? Tinkagwira ntchito. Inu ndi amene mumatipatsa makhadi ngati odwala a m'chipatala."

Agogo anaseka mpaka kukhala pansi pa mzere wa kabichi. Anachitanso manyazi, chifukwa zaka zonsezo yankho linali pakhomo pawo pomwe, iwo ali kalikiliki kudimba. Koma chachikulu mtima unapepuka.

Tisanamizane, ntchito sinafulumire ayi. Lachisanu Kamvuluvulu ankafika kudimba ndi theka la madzi, theka linalo lili pa kabudula. Anaponda mbande za tomato zisanu ndi ziwiri. Amadamu anayesa kukama ndi zala ziwiri, ng'ombe n'kutembenuka kumuyang'ana modabwa. Kangapo konse manja a agogo ankayabwa kufuna kulanda chipangizo kuti achite okha, ndipo ankawapisa m'thumba. Khasu lija losagwiridwa ndi munthu linakokedwa pamiyala iwo akuona, n'kungoluma mano.

Loweruka cha m'ma teni, galimoto ya namwino inaima pageti. Amadamu anali ataiwaliratu kuimbanso foni. Mayiyo anatsika nkhope ili yokonzekera nkhani yovuta, koma anapeza mwana wake wamkazi atavala majombo a agogo ofika m'mawondo, akukankha wilibala ya ndowe, tsitsi lili ndi udzu.

"Iwe, zikwama zili kuti? Si unati ndibwere?"

"Aa, amayi, pepani. Sizitheka. Anapiye aswa pakatha masiku khumi, ndiye ndine ndimayang'anira chisa. Mwina tinawapweteka, ndiyenera ndione."

"Ndipo ine ndimathirira!" anakuwa Kamvuluvulu ali kuchitsime, atanyowa thupi lonse.

Agogo anatuluka m'khola pang'onopang'ono, akupukuta manja, akuyesetsa kuti mano asaoneke. Zinakanika. Ana anafotokoza nkhani yonse molimbirana mawu, ndipo mayi awo atamva za tochi anayang'ana bambo ake nthawi yaitali.

"Bambo, nanenso mundionetse."

Anatenga dzira limodzi pansi pa thadzi n'kulowa awiriwo m'kachipinda kaja. Bamboyo anagwira dzanja la mwana wake, n'kulipinda mozungulira kuwala, n'kuikapo dzira lofunda. Munthu amene ankaona ana osabadwa pa makina a kuchipatala sabata ndi sabata anayang'anitsitsa dziralo ngati kamwana.

"Simunandionetsepo zimenezi," anatero chapansipansi.

"Nanenso sindinkazidziwa, mwana wanga. Ndinali pamsewu. Unandidikira kwambiri, ndikudziwa."

Iye anangopukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kunena kuti m'kachipindamo muli fumbi. Madzulo anabwerera yekha. Koma ali pachiwongolero anatsitsa galasi n'kuti, "Za chaka chamawa tidzaona, bambo. Sabata imodzi si umboni." Namwino ndi namwino, satulutsa wodwala chifukwa choti wamwetulira kamodzi.

Masiku khumiwo anayenda mwa mtundu wina. Kamvuluvulu anaphunzira kufika ndi kheni yodzaza, Amadamu anayamba kukama mkaka wokwanira tiyi, ndipo tsiku lina ntchito inathadi masana, moti anapita kudamu kuja, agogo n'kulowa m'madzi ndi buluku. Tsiku lowerengedwa lija, Lachiwiri, linafika n'kudutsa popanda kanthu. Amadamu sanadye. Anafunsa ngati anapha onse ndi kansalu kake kaja, ndipo agogo sanamunamize: anati sakudziwa, mazira oziziritsidwa amachedwa, ena saswa n'komwe.

Lachitatu m'mawa agogo ali pakati pokama, anamva mapazi akuthamanga.

"Agogo! Mukulira kanthu pansi pa thadzi!"

Anasiya ndowa pansi pa ng'ombe, mkaka uli theka, n'kuthamanga ndi ana awiriwo ngati mnyamata. Kamutu kachikasu kanali katasuzumira pansi pa phiko. Pofika masana anali asanu, pofika madzulo asanu ndi atatu. Mazira atatu sanaswe, ndipo Amadamu anawakwirira yekha kuseri kwa khola, analira pang'ono, kenaka n'kubwerera kukawerenganso amoyo aja. Ng'ombe inali itagubuduza ndowa ija kalekale, koma tsiku limenelo agogo sanadandaule ngakhale dontho.

Mtsikanayo anaimba foni ali chigwadire pachisa. "Amayi, asanu ndi atatu! Tamverani!" Anayandikitsa foni kwa anapiye, kenaka anayamba kulongosola kuti chaka chamawa misoti idzakhala ikuikira, ndiye iye adzafunika kudzalemba mazira, poti agogo maso awo saona pafupi. Analankhula ngati nkhani yotha kale. Atamaliza anapereka foni. "Akuti akufuna inu."

"Bambo," anatero namwino uja, phokoso la kuchipatala likumveka kumbuyo, "m'chipinda cha ana muja mungalowe bedi lachitatu?"

"Lachitatu la ndani?"

"Langa. Chaka chamawa ndidzatenga tchuthi, tidzabwera tonse."

Agogo anati eya, anatinso eya kachiwiri. Anabweza foni, n'kuzungulira bwalo lonse manja ali kumbuyo, chifuwa chili patsogolo, mpaka kukaiuza ng'ombe. Kunali kudakali miyezi khumi ndi umodzi, koma tsiku lisanathe anali atatulutsa matabwa m'kachipinda kaja n'kuwayala pabwalo. Amadamu anagwira tepi, Kamvuluvulu anakhalira thabwa kuti lisasunthe, ndipo nkhalambayo inayamba kucheka ikuimba mluzu.